GALU WOMASUKA AKAOMBEREDWA, MLANDU NGWA YANI?

Palibe mudzi wopanda galu. Galu amalonda nyumba usiku, amapirikitsa anyani m'munda, ndiponso amaperekeza alenje kuuzimba. Boma nalonso lili ndi agalu ake, pakuti apolisi amaweta agalu ophunzitsidwa kulondola mapazi a mbala ndi kununkhiza chamba chobisidwa m'katundu. Koma galu aliyense, kaya wa mlimi kaya wa Boma, akamasuka nayamba kuyendayenda pakati pa anthu, mathero ake kawirikawiri amakhala mfuti, mkondo kapena chibonga. Pamenepo pamabuka mkangano. Mwini galu amati wopha galuyo ndi wankhanza, pamene wophayo amati anali kupulumutsa ana. Phunziro la mwezi uno likulongosola m'mene udindo ugawikira pa nkhani yotere.

Chifukwa chimene anthu amaopera galu womasuka

Mantha a anthu ali ndi maziko, ndipo mazikowo ndi matenda a chiwewe. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa m'thupi la munthu kudzera pa bala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira katafika ku ubongo. Ulendo umenewu nthawi zambiri umatenga miyezi 2 kapena 3, koma ungathe kufupika mpaka sabata imodzi kapena kutalika mpaka chaka. Bala la pankhope, pakhosi kapena pazala ndilo loopsa koposa. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi, kuopa mphepo ndi kusokonezeka mutu, palibe mankhwala omuchiritsa.

Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ndipo ambiri a iwo ndi a mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu, ndipo mwa anthu 10 otere, 4 amakhala ana osafika zaka 15.

Chifukwa chake chiwewe chikabuka m'dera, a zaziweto ali ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse amangidwe. Galu wopezeka akuyendayenda m'nthawi ya lamuloli angathe kuomberedwa.

Chitsanzo cha galu wa apolisi

Nkhaniyi imamveka bwino poganizira galu wamtengo wapatali. Tiyerekeze kuti galu wa apolisi wapulumuka m'khola chifukwa chitseko sichinatsekedwe bwino. Galuyo wafika pamudzi woyandikana, ana akuthawa, ndipo iye akuwathamangira monga anaphunzitsidwira kuthamangira munthu wothawa. Mwana mmodzi walumidwa pamwendo. Munthu wina wa mfuti wamuombera galuyo.

Galu ameneyu anabayidwa katemera, ndipo Boma linataya ndalama ndi miyezi yambiri pomuphunzitsa. Komatu anthu a pamudzipo sakanadziwa zimenezi. Katemera saoneka pakhungu, ndipo galu sanena kwao. Chimene anthuwo anaona ndi galu wachilendo, wamkulu, wopanda womutsogolera, alikuluma mwana. Tsono pofufuza wolakwa, nkosayenera kuyambira pamene mfuti inalira. Mlandu unayambira pachitseko cha khola.

Udindo wa wosunga galu

Galu sadziwa lamulo, choncho lamulo limafunsa munthu amene akumusunga. Udindo wa wosunga galu ndi umodzimodzi kwa onse, wolemera kapena wosauka, mlimi kapena wantchito wa Boma. Ayenera kubayitsa galu wake katemera wa chiwewe chaka chilichonse ndi kusunga chiphaso chake pamalo abwino. Ayenera kumudyetsa mokwanira, pakuti galu wanjala ndiye amayendayenda kudzala ndi kumisika. Ayenera kukhala ndi khola, mpanda kapena unyolo wolimba, makamaka ngati galuyo ndi waukali.

Galu akasowa, mwini wake ayenera kudziwitsa mfumu ndi anansi tsiku lomwelo, natchula maonekedwe a galuyo ndi kuonetsa chiphaso cha katemera. Anthu odziwitsidwa amathandiza kufunafuna, pamene anthu odzidzimutsidwa amatola zibonga. Mwini galu amene wakhala chete sangadandaule pambuyo pake kuti anthu sanamudziwe galu wake.

Udindo wa woombera

Kulakwa kwa mwini galu sikupatsa munthu aliyense ufulu wopha galu m'mene afunira. Kupha galu chifukwa cha chidani ndi mwini wake, kapena chifukwa choti wangodutsa pabwalo, ndi nkhanza. Kuthira poizoni m'chakudya nkoipa koposa, chifukwa nyambo yotere imaphanso nkhuku, amphaka ndi agalu osalakwa, ndipo mwana angathe kuitola. Kuombera mfuti pakati pa nyumba nakonso kumaika miyoyo ya anthu pangozi.

Palinso mfundo ya zaumoyo imene anthu ambiri saidziwa. Galu amene waluma munthu ndi mboni. Ngati nkotheka kumutsekera popanda wina kulumidwa, atsekeredwe ndi kupatsidwa chakudya ndi madzi kwa masiku 10. Galu amene anali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa masiku amenewa asanathe. Akakhalabe wamoyo ndi wathanzi, achipatala amadziwa kuti wolumidwayo sanatenge chiwewe kwa galuyo. Wopha galu mofulumira amafafaniza umboni umenewu.

Koma galu amene akuluma chilichonse, akutuluka dovu, wasintha mawu pouwa kapena akudzandira miyendo yakumbuyo, asagwidwe ndi manja. Ngati palibe njira ina koma kumupha, asamenyedwe kapena kuomberedwa m'mutu, pakuti a zaziweto amapima ubongo kuti atsimikize matendawa. Mtembo wake usasendedwe, usadyedwe, ndipo usatayidwe mumtsinje. A zaziweto adziwitsidwe msanga.

Amene alibe mlandu

Galu alibe mlandu, pakuti wachita mwa chibadwa chake, kapena mwa maphunziro ake, kapena mwa matenda amene asokoneza ubongo wake. Mwana wolumidwa nayenso asaimbidwe mlandu. Makolo ena amakalipira kapena kumenya mwana kuti anaputa dala galu. Zotsatira zake nzakuti ana amabisa mabala ang'onoang'ono, ndipo chiwewe chimadzadziwika patapita miyezi, nthawi yothandiza itatha. Mwana aphunzitsidwe kuti galu kapena mphaka akamuluma, ngakhale kungomukanda, anene kwa akulu nthawi yomweyo ndipo sadzakalipiridwa. Aphunzitsidwenso kuti akakumana ndi galu waukali asathamange, koma aime chilili, manja atawapinda pachifuwa, osamuyang'ana galuyo m'maso.

Wolumidwa ayambe wathandizidwa, mlandu pambuyo

Ngozi yaikulu imadza pamene mabanja awiri atha masiku akukangana za amene alipire ulendo wa kuchipatala. Kachilombo sikadikira bwalo la mfumu. Zoyenera kuchita ndi izi:

1. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kutsuka kotere kumachotsa tizilombo tambiri.
2. Pabala pasapakidwe phulusa, dothi, tsabola kapena zitsamba, ndipo lisamangidwe kolimba.
3. Wolumidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti masiku 10 oyang'anira galu athe.
4. Achipatala auzidwe tsiku limene munthuyo analumidwa, mwini galu, ndi ngati galuyo ali moyo kapena waphedwa.
5. Katemera akayambidwa, wodwala abwerere pa masiku onse amene achipatala alemba. Jekeseni imodzi siikwanira.

Katemera ameneyu ndi wodalirika kuyambira kale. Mu 1885, ku France, katswiri wotchedwa Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe. Katemera wa masiku ano ngwabwino koposa wa nthawi imeneyo, koma amagwira ntchito pokhapokha ataperekedwa zizindikiro zisanayambe.

Udindo wa mudzi wonse

Mfuti payokha siithetsa chiwewe. Agalu akaphedwa, ena amabadwa, ndipo anthu amakatenga tiana ta agalu kumidzi ina, tosabayidwa katemera. Akaphedwa galu wobayidwa kale, mudzi umataya mlonda amene anali kutchinga matendawa. Chimene chimathetsa chiwewe ndi katemera: agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa podutsa. Zimenezi nzotheka kuno kwathu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a zaziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Maiko agwirizana kuti pofika 2030 pasadzakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbutsana za matendawa.

Mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a zaumoyo ayenera kumema anthu pa tsiku la katemera wa agalu, ndi kudzudzula mwini galu wosasamala ngozi isanagwe. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Galu amene waluma mwana wa mnansi lero angalume mwana wa mwini wake mawa. Wosunga galu akakonza khola, nabayitsa katemera, nanena msanga galu akasowa, woombera sadzakhala ndi chifukwa chotulutsira mfuti.

Mafunso okambirana

1. M'chitsanzo cha galu wa apolisi, kodi mlandu unayambira pati?
2. Nchifukwa ninji galu woluma munthu ayenera kusungidwa masiku 10?
3. Kodi makolo angachite chiyani kuti ana asamabise bala la galu?
4. Ndi agalu angati a m'mudzi mwanu amene ali ndi chiphaso cha katemera wa chaka chino?