KUSINTHA PAMPU YA MAKINA OTSUKIRA MAGALIMOTO

M'malo ambiri a malonda m'mbali mwa misewu anyamata akupeza chakudya potsuka magalimoto ndi njinga zamoto ndi makina othira madzi mwamphamvu. Makinawa ali ndi mbali ziwiri: injini ya petulo, ndi pampu imene ikankha madzi. Kawirikawiri pampu ndiyo iyamba kufa, injini ikali yabwino. Tsono mwini makina sayenera kutaya zonse. Atha kugula pampu yokha ndi kuimanga yekha.

Koma asathamangire ku sitolo. Madzi akafooka, ayambe wayang'ana kansonga kotulukira madzi, pakuti bowo lake limakula ndi ntchito. Ayang'anenso sefa ya paipi yolowetsa madzi, mavavu ndi timphira ta m'kati. Zimenezi n'zotsika mtengo. Oyilo wa m'pampu akayera ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowamo, ndipo nthawi zina timphira tatsopano tikwanira. Koma bokosi la pampu likang'aluka, kapena m'oyilo mukapezeka tizidutswa ta chitsulo, pampuyo yatha.

Pogula m'pamene ambiri ataya ndalama. Si pampu iliyonse imene ilowa pa injini iliyonse. Injini yaing'ono ya mahosipawa 6.5, monga Honda GX200, kawirikawiri ili ndi shafiti ya 3/4 inchi, ndiwo mamilimita 19. Yaikulu ya mahosipawa 13, monga GX390, ili ndi ya inchi imodzi. Zilipo zina za mamilimita 20. Kusiyana kwa milimita imodzi sikuoneka ndi maso, komabe pampu ya 19 sidzalowa pa shafiti ya 20, ndipo ya 20 pa shafiti ya 19 idzagwedera kufikira itadya shafitiyo. Chifukwa chake wogula apime shafiti ya injini yake, anyamule pampu yakale kunka nayo ku sitolo, ndi kuyerekeza mabowo anayi a mabawuti. Awerengenso zolembedwa pa pampu: malita a madzi pa mphindi, mphamvu yake, ndi liwiro lozungulira, limene pa pampu zomangidwa pa shafiti ya injini lili ngati 3,400 pa mphindi. Ena akonda kusankha yaikulu poganiza kuti ndiyo yolimba. Pampu yofuna mphamvu yoposa ya injini idzailemetsa, ndipo injini idzazima pongofinya mfuti.

Pochotsa yakale, injini iyambe yazizira. Achotse waya wa pa pulagi, atseke madzi, afinye mfuti kuti madzi otsala atuluke. Pamenepo amasule mapaipi, kabawuti kakang'ono kogwira shafiti, ndi mabawuti anayi aja. Pampu yogwidwa ndi dzimbiri athire mafuta ofewetsa dzimbiri, igone usiku umodzi, m'mawa aitukule pang'onopang'ono mbali zonse. Kuimenya ndi nyundo kuononga injini. M'kangalande ka shafiti muli kachitsulo kotchedwa kiyi. Kakagwa m'fumbi kavuta kukapeza, ndipo popanda iko shafiti izungulira yokha. Akaike m'chitini.

Shafiti aipukute, aipake girizi pang'ono, abwezere kiyi, ndi kulowetsa pampu yatsopano ndi manja okha. Mabawuti amange mopingasa, lililonse pang'ono, kufikira onse atagwira mofanana. Pampu zambiri zatsopano zibwera ndi chotsekera oyilo chopanda bowo, cha paulendo chabe. Chimenechi achichotse ndi kuika chotsekera chopumira chimene chili m'katoni; akaiwala, pampu ikatentha oyilo adzatulukira m'timphira. Oyilo afike pakati pa kagalasi koonera, ndipo woyambayo asinthidwe atagwira ntchito maola 50.

Madzi ayambe kulowa injini isanalire. Afinye mfuti kufikira mpweya wonse utatha, pamenepo alize injini. Otunga ku mtsinje asefe madzi ndi nsalu, ndipo mgolo ukhale pamwamba kuposa pampu, pakuti mchenga ndi kuchepa kwa madzi ndizo zikupha pampu zambiri. Injini isalire mphindi zoposa ziwiri mfuti ili chigonere pansi, chifukwa madzi angozungulira m'kati natentha.

Madzi a makinawa aboola khungu. Wolasidwa nawo apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lioneke laling'ono ngati la munga, pakuti dothi lalowa m'kati mwa mnofu. Aphunzitsi auze ana a sukulu, amene akonda kuunjikana pa malo otsukira poweruka, kuti aziima patali.