Zinthu Zoloŵa M'khutu, M'mphuno ndi Pakhosi

Nyengo yokolola ikafika, chimanga, nyemba ndi mtedza zimangoti mbwee pabwalo. Ana osakwana zaka 5 ndiwo amakonda kuika njere zotere, mikanda kapena timiyala m'khutu, m'mphuno ndi m'kamwa poseŵera. Kaŵirikaŵiri chimene chimakulitsa ngozi ndi dzanja la munthu wofuna kutokosa njereyo ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga.

M'KHUTU

M'kati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala kamene kamathandiza munthu kumva. Kutokosa kumakankhira njere m'kati, ndipo kukhoza kuboola kachikopako mwana n'kugontha. Nyemba kapena chimanga zisathiridwe madzi popeza zimafufuma ndi kuthina. Mwanayo angoperekedwa kuchipatala.

Ngati kaloŵa ndi kachirombo monga mphemvu, munthu agone chammbali khutu lovutalo litaloza kumwamba, ndipo adonthezeredwe mafuta ophikira aukhondo, osatentha, kuti kachiromboko kafe. Koma khutu lotuluka mafinya kapena magazi lisathiridwe kanthu.

M'MPHUNO

Mwana amabisa zimene wachita poopa kukalipiridwa. Chizindikiro chake ndi mamina onunkha otuluka mbali imodzi yokha. Ngati njere yangoloŵa kumene, mayi atseke mphuno yabwinoyo ndi chala, aphimbe pakamwa pa mwana ndi pakamwa pake, nauzire mpweya msanga kamodzi. Zikakanika kaŵiri, aleke ndi kupita naye kuchipatala.

Choopsa koposa ndi kabatire kooneka ngati batani, ka m'wotchi ndi m'zidole. Kakakhala m'mphuno kapena kummero kamawotcha mnofu, ndipo maola 2 okha ndi okwanira kusiya chilonda chachikulu. Pamenepa palibe kudikira kuti kuche.

PAKHOSI

Nsomba za ku Nkhata Bay zimene zimagulitsidwa mumsika wa Mzuzu ndi chakudya chabwino, koma minga yake imabaya pakhosi. Kumeza mbamu yaikulu ya nsima pofuna kutsitsa munga n'kulakwa, chifukwa mungawo umazama n'kuyambitsa chotupa. Mwana amene wameza ndalama yachitsulo, ngati akuchucha malovu ndi kulephera kumeza, ayenera kukajambulidwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtedza kapena chimanga zikaphonya njira ndi kuloŵa m'kholingo, munthu amatsamwa. Ngati akutha kutsokomola, apitirize kutsokomola. Ngati sakutha kulankhula, kulira kapena kupuma, wothandiza achite izi:

1. Amuŵeramitse ndi kummenya kasanu ndi chikhatho pakati pa mapewa.
2. Zikakanika, aime kumbuyo kwake, aike chibakera pamwamba pa mchombo, nakokere m'kati ndi m'mwamba mwamphamvu kasanu.
3. Khanda losakwana chaka 1 aligoneke chafufumimba pamkono, mutu uli m'munsi, nalimenye kasanu kumsana. Kenaka alitembenuze ndi kudina pakati pa chifuwa kasanu ndi zala ziŵiri. Khanda lisafinyidwe pamimba.

Njirazi zibwerezedwe mpaka chotsamwitsacho chitatuluka. Mwana amene anatsamwa napitiriza kutsokomola masiku angapo ayenera kupimidwa, pakuti njere ikhoza kukhala itatsikira m'mapapo.

KOPEZA CHITHANDIZO

Chithandizo choyamba chili pachipatala chaching'ono chapafupi. Mumzinda wa Mzuzu muli chipatala cha Mapale ndiponso cha mishoni cha St John's. Zovuta kwambiri amazitumiza ku Mzuzu Central Hospital, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2000 ndipo chimalandira odwala ochokera m'maboma onse a Chigawo cha Kumpoto. Makolo afotokozere dokotala chimene chaloŵa, nthaŵi imene chinaloŵa, ndi zimene ayesa kale kunyumba.

KUPEŴA

Ana aang'ono azidya mtedza wosinja, wothira m'phala kapena m'ndiwo, osati wathunthu. Nsomba yao izichotsedwa minga. Mwana asadye akuthamanga kapena kuseka. Mikanda, ndalama zachitsulo ndi mabatire zisungidwe pamalo pamene mwana sangafike, ndipo olera ana aphunzitsidwe njira zitatu zothandizira wotsamwa.