Phunziro la Chingerezi: Mau a Muzu wa "Port"

Mau ambiri a Chingerezi anachokera ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale. M'chinenero chimenecho "portare" ndiko kunyamula. Tsono "porter" ndiye mtengatenga, "portable" ndi chinthu chonyamulika. "Ex" ndiko kunja, "im" ndimo m'kati: fodya ndi tiyi wotumizidwa kunja ndiwo "export", petulo wolowa m'dziko muno ndiye "import".

Ana ambiri amaphonya pa katchulidwe. Liu likakhala dzina, mphamvu ikhale poyamba: IM-port. Likakhala mneni, ikhale kumapeto: im-PORT. Anthu a ku London satchula "r" ameneyo, koma amakoka "o". Mwana akapanda kukoka, anena "pot", ndiwo mphika! Aphunzitsi aletsenso ana kuonjezera "i" kumapeto, monga achitira anthu ponena lipoti, liu lochokera ku "report", la muzu womwewu.