Phunziro: Luangwa Boma, Tauni Yomwe Inkatchedwa Feira

Ophunzira, tsegulani mapu a Zambia. Ikani chala pa mtsinje wa Luangwa, muutsate kulowera kummwera mpaka pomwe ukuthira mu Zambezi. Pamathiriro pamenepo ndiye pali Luangwa Boma. Mukaima pagombe, tsidya la Luangwa muona Zumbo, tauni ya ku Mozambique, pomwe tsidya la Zambezi kuli Kanyemba, ku Zimbabwe. Malowa ndi otsika kuposa ena onse m'Zambia, pafupifupi mamita 329 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake mu Okutobala dzuwa lake limaswa mtengo.

Tiyambe ndi dzina. Mpaka 1964 tauniyi inkatchedwa Feira, mawu a Chipwitikizi otanthauza msika. Dzinalo likutiuza kale chomwe chinakokera anthu kumeneko. Apwitikizi anakhazikika ku Zumbo cha m'ma 1720, pambuyo pake ena anaoloka n'kumanga ku Feira. Kale mtsinje ndiwo unali msewu. Minyanga ya njovu, golide ndi mkuwa zinkatsikira ku Tete pa mabwato, nsalu ndi mikanda zikukwera. Koma tisabise, pamsika umenewu pankagulitsidwanso anthu. Achikunda, omwe anali asilikali ndi alenje a njovu a eni minda Achipwitikizi, ankatenga nawo mbali pa malondawo, ndipo zidzukulu zawo zili m'bomali mpaka lero pansi pa Mfumu Mphuka. Ansenga a kumeneko ali pansi pa Mfumu Yaikulu Mburuma.

Tsono lembani zaka zitatu izi.

Mu Novembala 1835, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, tsiku lomwe kadamsana anaphimba dzuwa. Kadamsanayo ndiye amathandiza akatswiri a mbiri kudziwa nthawi yeniyeni ya ulendowo. Inu a ku Chipata ndi ku Mzimba, makolo anu anadutsa pamenepa.

Mu 1856, David Livingstone anafika akutsika ndi Zambezi, napeza mabwinja okhaokha: nyumba zamiyala zogumuka, tchalitchi chakugwa, belu losweka lili pansi. Msika unali utafa. Unadzukanso pambuyo pake, nthawi yomwe mzungu wina, John Harrison Clark, amene anthu anamupatsa dzina loti Changa Changa, anadzakhala ku Feira n'kumalamula ngati mfumu.

Mu Malichi 1978, asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja, mudzi wa m'mbali mwa Zambezi m'boma lomweli, pofuna omenyera ufulu wa Zimbabwe a ZIPRA. Asilikali a Zambia ndi anthu wamba anafa. Chaka ndi chaka kumachitika mwambo wowakumbukira.

Funso lalikulu ndi ili: tauni yakale chonchi inatsalira bwanji yaing'ono, pomwe Lusaka, wa dzulodzuloli, anakula? Yang'ananinso mapu. Njanji inadzera ku Livingstone ndi Kabwe, kumtunda. Msewu wa Great East unaoloka Luangwa pa mlatho womwe uli makilomita oposa 80 kumpoto kwa boma. Katundu atasiya mabwato n'kukwera sitima ndi malole, Feira anatsala kumapeto kwa msewu, komwe munthu sapitako mongodutsa. Lero ambiri amadalira nsomba, zomwe amaumika n'kutumiza ku Lusaka, ndipo alimi amalimbana ndi chilala komanso njovu zowononga minda.

Ntchito yakunyumba: funsani agogo anu kuti boma lakwanu linkatchedwa chiyani kale, nanga anasankha malowo ndani.