Kaundula wa anthu osakhalitsa m'nyumba za lendi

Funso: Akulu, ndikukonza kaundula wa nyumba za lendi za ku Kanyama ndi ku Chawama pogwiritsa ntchito MongoDB. Popeza anthu amasamukasamuka, kodi maina awo ndiwalembe m'kati mwa chikalata cha nyumba iliyonse?

Yankho: Iyayi bambo, musatero, pakuti ngakhale chikalata chimodzi chimaloledwa kukula kufikira 16 MB, mndandanda wa olowa ndi otuluka udzangotalikirabe, ndipo dzina la munthu mmodzi likamwazikana m'nyumba zambiri, tsiku lolikonza mudzaphonya pena, kaundula nayamba kudzitsutsa yekha. Munthu akhale ndi chikalata chake, nyumba chakenso, ndipo pangano la lendi, limene ndilo losinthasintha, mulipatse chikalata chachitatu, chosunga nambala ya munthu, nambala ya nyumba, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka. Walira mvula walira matope: powerenga mudzafunika $lookup kuti zitatuzi zikumane, choncho muike index pa nambala ziwirizo. Wina akasamukira ku nyumba ina, musafafanize kanthu. Lembani tsiku lotuluka pa pangano lakale, mutsegule latsopano, ndipo zonse ziwiri zichitike mu transaction imodzi, chinthu chimene MongoDB inayamba kulola mu 2018.