Phunziro 17: Chindoko, kaufiti wa m'thupi

M'phunziro lapita tinakambirana za kaufiti. Tinaona kuti kaufiti amayamba ntchito yake pansi pa nthaka. Amayamwa mizu ya chimanga ndi mapira ife tisakuona. Pamene maluwa ake aoneka pamwamba, chimanga chapinimbira kale. Lero tikamba za nthenda imene imachita chimodzimodzi m'thupi mwa munthu. Dzina lake ndi chindoko. Kuchipatala amati sífilis.

Tikudziwa, ena ayamba kale kuyang'ana pansi. Nkhaniyi njovuta kuikamba pamene pali apongozi. N'chifukwa chake taiika m'buku, kuti yense adziwerengere yekha.

Mzinda wathu wa Tete uli panjira. Magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira ndi ku Zimbabwe amaoloka Zambezi pompano popita ku Zóbuè ndi ku Malawi. Ena amabwera kudzafuna ntchito ya malasha ku Moatize. Ifenso timayenda. Timagona kuulendo pokatenga mbatatesi ku Angónia. Tsono tisanamizane kuti chindoko ndi cha madalaivala okha. Chimalowanso m'nyumba ya mlimi.

Chindoko chimapatsirana pogonana, ndipo mayi woyembekezera angapatsire mwana ali m'mimba. Chimayamba ndi kachilonda kamodzi kumaliseche, nthawi zina pakamwa. Kawirikawiri kamatuluka patapita masabata 3. Sikapweteka. Kwa amayi kangabisale mkati, osaoneka konse. Pakapita masabata 3 mpaka 6 kachilondako kamapola kokha, ndipo apa ndi pamene ambiri timanyengedwa. Wina amati, "Mizu ija yagwira ntchito, ndachira." Ayi anzathu, simunachire. Tizilombo talowa m'magazi. Kenaka pangatuluke zidzolo m'thupi, ngakhale m'zikhatho ndi kumapazi. Nazonso zimatha zokha. Nthendayo imakhala phee zaka zambiri, ndipo pambuyo pake ingaononge mtima, maso ndi ubongo.

M'gulu lathu lina la alimi a dimba munali banja limene linataya ana awiri motsatana. Onse anabadwa akufa. Abale anati ndi tsempho. Ena analoza dala agogo a m'mudzimo kuti ndi mfiti, mpaka anthu analeka kulonjerana. Pa mimba yachitatu mayiyo anayamba sikelo mwamsanga. Anamwino anamuyeza magazi napeza chindoko. Iye ndi mwamuna wake analandira jakisoni. Mwanayo anabadwa wamoyo, ndipo lero akuthamangitsa mbuzi kudimba. Agogo aja palibe amene anapita kukawapepesa.

Nanga amayeza bwanji? Anamwino amabaya chala ndi kutenga kadontho ka magazi. Yankho limatuluka tsiku lomwelo, patangopita mphindi pafupifupi 20. Sitifunika kuyamba tafika ku Hospital Provincial de Tete. Tiyambe kufunsa ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Mayi aliyense woyembekezera ayezetse pa ulendo woyamba wa kusikelo, mimba ikadali yaing'ono. Kuchedwa ndiko kumapha mwana.

Mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, wobaya pathako. Madokotala anayamba kuchiza chindoko ndi penisilini m'chaka cha 1943, ndipo mpaka lero akugwirabe ntchito. Ngati nthendayo njatsopano, jakisoni mmodzi amakwana. Ngati yakhalitsa, kapena sitikudziwa pamene inayamba, amabaya katatu, kamodzi pa sabata. Tisathawe titalandira mmodzi yekha. Ngati penisilini anatitupitsapo kapena kutibanikitsa, tiwauze anamwino asanabaye. Tikalandira mankhwala tikhale masiku 7 osagonana, ndiponso mpaka chilonda chitapoleratu.

Chovuta chenicheni nachi. Mayi amalandira jakisoni, koma bambo amakana kupita. Amati, "Ine sindikumva kuwawa paliponse." Tikazula kaufiti m'munda mwathu koma wa m'munda wa pafupi n'kumusiya, kodi mbewu zake sizidzabwerera ndi mphepo? Bambo wosachizidwa amabwezeranso nthendayo kwa mkazi wake, ndipo jakisoni uja amapita pachabe. Abambo, kupita limodzi kusikelo si kugonja ayi.

Chinzonono ndi nthenda ina. Bambo amamva kuotcha pokodza ndipo amatuluka mafinya. Amayi ambiri samva kalikonse, koma chingatseke njira ya mazira, mayi osaberekanso. Chingaononge maso a mwana pobadwa. Ambiri amathamangira makapisozi a pamsika, kumwa awiri, basi. Mafinya amaleka, koma tizilombo totsala timazolowera mankhwalawo, ndipo kuchiza kumavuta.

Chilonda cha chindoko chimatsegulira khomo HIV. Choncho poyezetsa chindoko tiyezetsenso HIV. HIV sichizika, koma mankhwala a ma ARV amausunga moyo, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Kondomu, kaya ya Jeito kaya ya kuchipatala, imatchinjiriza kwambiri ku matenda onsewa tikaivala bwino nthawi zonse.

Tsopano tengani makope. Lembani mawu awa katatu: chindoko, magazi, jakisoni, sikelo. Kenaka yankhani: kodi kachilonda kakapola kokha, munthu achite chiyani? Mayankho tidzawerengerana Lachinayi, tikamaliza kuthirira anyezi.