Kodi Fomu Imadzaza Ngati Chigubu?

Makalata atatu amene ndagwira panowa achokera ku Chilobwe, ndipo onse akufunsa za liwu limodzi lachingerezi, lija timalemba f, i, l, l, kutchula kwake fill. Tiyambe ndi amayi awa.

Akuti: "Aphunzitsi, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Chilobwe. Mwezi watha ndinapita ku ofesi ina m'tauni kukafunsa ngongole ya geni. Anandipatsa pepala n'kunena kuti fill this form. Mwana wanga anandiuzapo kuti fill ndi kudzaza, ndiye ndinalemba m'mabokosi monse osasiyako ngakhale limodzi. Kalaliki anang'amba pepalalo anthu akuona. Ndinalakwa pati?"

Amayi, choyamba pepani kwambiri. Kalalikiyo ndiye anayenera kukhala nanu pansi n'kukulozerani polemba, pakuti ndiyo ntchito yake. Mwana wanunso sananame. Mukalawirira kokatunga madzi, chigubu cha malita 20 chili kunsi kwa mpopi, inu mukudikira kuti madzi afike m'khosi, pamenepo Mngerezi amati fill. Tanthauzo lake loyambirira ndi limeneli. Liwuli ndi pachibale ndi full, kutanthauza chinthu chodzaza. Zaka zoposa 1,000 zapitazo makolo a Angerezi ankati fyllan, ndipo Ajeremani mpaka lero amati füllen.

Koma fomu si chigubu ayi. Pa fomu mumalemba m'mipata yokhayo imene akusiyirani inuyo: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma, nambala ya chiphaso cha unzika. Kumunsi kwa mafomu ambiri kumakhala bokosi lolembedwa kuti for official use only. Limenelo ndi la eni ofesi, cholembera chanu chisafikemo. Funso likakhala losakukhudzani, monga dzina la abwana anu pamene inu mumadzilemba nokha ntchito, lembani N/A, kusonyeza kuti funsolo si lanu. Masiku ano ndimamva ambiri akuti kudzaza fomu. Ine ndimakonda mmene tinkanenera kale, kulemba fomu, chifukwa mawu amenewa sasocheretsa munthu ngati mmene munasocherera inumu.

Ndikufuna muone chinthu china, amayi, kuti musamadziderere. Pamene Mngerezi ali ndi liwu limodzili, inu muli ndi mawu ambiri, lililonse ndi malo ake. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu a ku Chilobwe amene ankakonza njira zokumbika ndi madzi ochokera m'phiri la Soche sankati tikudzaza maenje, ankati tikukwirira. Mngerezi pamenepo akanati fill. Ming'alu ya chipupa timamata, iye ati fill. Galimoto timathira mafuta, iye ati fill. Wina akachoka pa udindo timapeza wolowa m'malo mwake, iye ati fill the vacancy. Mukadya nsima bwinobwino mumati ndakhuta, iye ati I am full, ngati kuti mimba ndi ndowa. Choncho mukamva fill, yambani mwadzifunsa kuti chimene akunenacho n'chiyani, kenako sankhani liwu lathu loyenera chinthucho. Bwererani ku ofesi ija, mukapemphe fomu ina, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti, "Apa ndilembepo chiyani?"

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa Fomu 3. Akuti: "Ndinalemba kuti fill up the form, aphunzitsi anga n'kuthetha. M'buku muli fill in, koma pa intaneti ndimaona fill out. Cholondola n'chiti?"

Mwanawe, wafunsa bwino. Timawu ting'onoting'ono totsatira fill ndi timene timakhotetsa tanthauzo. Pa nkhani ya fomu, ku Britain amakonda fill in, ku America amakonda fill out, ndipo onse akulondola. Sukulu zathu zimatsata Chingerezi cha ku Britain, ndiye pa mayeso a MANEB iwe gwiritsa fill in. Pamene fill up ndi kudzaza chinthu mpaka pakamwa: thanki ya minibasi ija imakutenga kupita ku Limbe, kapena minibasi yomweyo anthu akamalowa mpaka kondakitala kusowa pokhala. N'chifukwa chake pothirira mafuta amati filling station. Aphunzitsi ako sanakulakwire.

Ndikuwonjezere ziwiri zimene udzakumane nazo pa ntchito. Wina akati fill me in, akutanthauza kuti undiuze zimene zachitika ine kulibe. Akati fill in for me, akukupempha kuti umugwirizire ntchito iye atachokapo. Timawu take tangosinthana pang'ono, koma pempho ndi lina.

Yomaliza ndi ya abambo oyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Akuti dokotala wa mano anawauza kuti dzino lawo likufunika filling, ndipo iwo anamva ngati akunena feeling, mmene akumvera m'thupi.

Bambo, simuli nokha. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndiye makutu athu anazolowera i mmodzi. Chingerezi chili ndi wamfupi wa mu fill ndi wokoka wa mu feel. Ife tonse awiri timawatchula chimodzimodzi, n'chifukwa chake mumaona pa Facebook wina atalemba I fill sorry m'malo mwa I feel sorry. Polankhula anthu amamva ndithu kuchokera pa nkhaniyo, koma polemba kumbukirani kuti kumva kuli ndi e awiri, kudzaza kuli ndi l awiri. Dokotala wanuyo amatanthauza kumata dzino: achotsa pobowoka paja zowola zonse, n'kutseka ndi mankhwala olimba kuti dzinolo lisazulidwe. Musazengereze, bambo, bowo la dzino silidzitseka lokha, ndipo likafika pa mtsempha kumata kokha sikukwaniranso.

Nthawi yatithera. Mayi amene munafunsa za refill ya gasi wophikira, kalata yanu ndidzayamba nayo sabata yamawa.